Lonjezo la Ellen

Tsiku lomwe Marjorie anayamba ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Woolwich, abwana ake anamuonetsa khitchini ndi zipinda, kenako anaima pamasitepe n'kunena monyadira kuti pamenepo pamayenda mzukwa wa mayi wovala diresi lotuwa. Marjorie anayembekezera kumva kuti abusa abwera liti. Koma abwanawo anangopitiriza kulongosola za makiyi.

M'kupita kwa miyezi anaona kuti Angerezi amaikonda mizukwa yawo. Nyumba yakale yopanda mzukwa ankaiona ngati yoperewera. Ena ankachita kukwera basi kukaona malo amene amati kumamveka mapazi a akufa. Kwawo ku Ntcheu nkhani zotere anthu ankanong'onezana, ndipo ana ankawathamangitsa kaye.

Khirisimasi ya 2004 itayandikira, okalambawo anasonkhana masana ndi tiyi wawo n'kumasimbirana za mizukwa. Ankati makolo awo ankachitanso chimodzimodzi nyengo yozizira ikafika. Ankaseka, kuopsezana, kutsutsana. Bambo Walter okha, amene kale ankagwira ntchito pa boti lowolotsa anthu pa mtsinje wa Thames, anangoti ndwii kuyang'ana kapu yawo.

Marjorie atawaperekeza kuchipinda, anawafunsa ngati m'thupi muli bwino.

"Mkazi wanga Ellen anandilonjeza kuti akadzafa azidzandivutitsa," anatero bambowo. "Ankati azidzandibisira magalasi. Zaka zapita, mwanawe. Anzangawa akuona mizukwa ya anthu osawadziwa n'komwe, ine wanga zii."

Marjorie anakhala pamphepete pa bedi. Sankakonda kukamba zimenezi, iye wa kwaya ya kutchalitchi, koma nkhope ya mkuluyo inam'gwira mtima.

"Kwathu akuluakulu amati wakufa amabwerera ngati ali ndi dandaulo. Mwina sanaikidwe bwino, mwina munamulakwira. Amene wagona phee ndiye kuti munamusamala."

Bambo Walter anamuyang'ana.

"Ellen wopanda dandaulo? Iwe sunamudziwe mayi ameneyo."

Anayamba kuseka, mapewa akugwedera, mpaka misozi inatsika, ndipo Marjorie anawapukuta ndi kansalu osafunsa kuti ndi misozi yanji.

Atapuma, anamufunsa ngati nayenso ali ndi wake amene anatsogola. Marjorie anawauza za amayi ake, amene anamwalira chaka chapitacho iye ali kuno, mapepala ake okhalira m'dzikoli asanakonzeke. Maliro anawamvera pa foni, mchemwali wake atakweza foniyo m'mwamba kuti nyimbo zimveke. Chiyambire anali asanauzeko munthu aliyense kuntchito.

"Nanga anakubwererapo?"

"Ayi. Ngakhale kutulo."

"Ndiye kuti sanakukwiyire," anatero bambowo, n'kumusisita padzanja.

Marjorie anawavula nsapato, n'kuwafunditsa bulangete m'miyendo, ndipo iwo anayamba kumufotokozera momwe anakumanirana ndi Ellen pa boti, mphepo itamuulutsira chipewa m'madzi, Ellen n'kumakalipira woyendetsa botilo ngati kuti mphepoyo inali yake.