Zotsala za M'kabati mwa Mayi Hartigan

Pa zonse zimene mayi Glenys Hartigan anabweretsa ku holo ya tchalitchi Lachinayi lija, zimene zinalandiridwa zinali ziwiri zokha: paketi ya mchere ndi botolo la mafuta ophikira. Zina zonse zinakanidwa, iwo akuona ndi maso awo.

Nkhaniyi inayamba sabata ya m'mbuyo mwake. Chaka chilichonse mu Novembala, kuno kwathu ku Mildura timachita msonkhesonkhe wa chakudya. Anthu odzipereka amasiya thumba pageti pa nyumba iliyonse, atamatapo kapepala kolemba zofunika, ndipo zimene tapereka zimapita ku holo kuja, komwe kuli nkhokwe ya chakudya yothandiza mabanja amene zinthu zawathina. Sukulu zikatsekera tchuthi chachitali cha Khirisimasi, ana amene amadalira kadzutsa wa kusukulu amakhala pamavuto, ndiye nkhokweyo imayenera kudzaza nthawi isanakwane.

Kapepala kaja mayi Glenys sanakawerenge n'komwe. Anakamatula, n'kulembapo kuseri nambala ya munthu wokonza mipope. Chimene iwo anaona pa thumba lija ndi mwayi woyeretsa kabati. Anakwera pampando n'kuyamba kutsitsa za kumbuyo kwenikweni: zitini za mapichesi za dzimbiri m'milomo, theka la paketi ya mpunga lomangidwa ndi lasitiki, mabotolo anayi a jamu wa maapurikoti amene anaphika okha chaka chatha.

Amuna awo, a Merv, amene anayendetsa magalimoto a katundu moyo wawo wonse, anatola chitini chimodzi n'kuchiyang'anitsitsa.

"Mayi, ichi sitinagule chaka cha madzi osefukira chija? Taonani chatupa ngati chule."

"Za m'chitini siziola. Bwererani ku wailesi yanu inu."

"Ndiye tsegulani tidyere nkhomaliro."

"Asa! Ine ndidye zimenezo?"

Mayi Glenys si munthu woipa ayi. Mukadwala, oyamba kugogoda pakhomo ndi mphika wa supu ndi iwo. Vuto lawo n'lakuti pakamwa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Loweruka galimoto yotolera matumba inadutsa iwo ali kosewera mpira wogubuduza pa kapinga, choncho anakatula okha thumba lija Lachinayi, tsiku limene mabanja amabwera kudzatenga chakudya. Holoyo imagawidwa pakati ndi matabwa oimika: mbali ino osanja katundu, mbali inayo olandira. Patebulo losanjira anapezapo mayi Noeleen Brock, oyang'anira nkhokweyo, amene anagwira nawo ntchito yochapa zovala kuchipatala zaka makumi awiri.

Mayi Noeleen anatulutsa chitini choyamba, kuchitembenuza, kuwerenga tsiku lolembedwa pansi pake, n'kuchiika pambali. Chachiwiri chimodzimodzi. Mpunga wotsegula uja sanauyang'ane kawiri.

"Anzanga, musandikwiyire," anatero mofatsa. "Zitini izi tsiku lake linadutsa kalekale, ndipo ichi chotupachi chikhoza kugoneka munthu m'chipatala. Paketi yotsegula sitilandira, sitingadziwe chimene chinalowamo."

"Nanga jamuyo? Mukumudziwa jamu wanga, mumanyambita supuni inu nomwe!"

"Ndipo ndidzabwera kudzanyambitanso. Koma zophika pakhomo sitiloledwa kugawa. Palibe cholembedwa chosonyeza zimene mwathiramo kapena tsiku limene munaphika, pamene ana ena pali zakudya zimene zimawadwalitsa. Tengani mubwerere naye."

Anthu osanja katundu anali atasiya ntchito, akumvetsera. Mayi Glenys, m'malo mokhala chete, anakweza mawu.

"Ha! Zafika pamenepa? Wopempha sakulitsa chitete, Noeleen! Munthu wanjala yeniyeni sawerenga masiku a pachitini. Anthu ake omwewa, mafoni odula m'manja, ntchito kukana, kenako atisankhire chowapatsa? Ife tinalera mwana wathu osapemphetsa kwa munthu!"

Kuseri kwa matabwa kuja kunamveka bokosi likuikidwa pansi. Mayi Glenys atacheuka, anaona mzimayi akutulukira pa mpata, nkhope ili gwa. Anali Kerryn, mwana wawo yekhayo. Anawayang'ana amayi ake kamphindi, kenako anatuluka chimanjamanja pakhomo la m'mbali.

Mayi Glenys anamulondola. Pamene amafika panja, galimoto ya Kerryn inali ikukhota kale pamsewu.

Anabwerera m'holo n'kufunsa mayi Noeleen. "Wakhala akubwera kuno kuyambira liti?"

"Zimenezo sindingakuuzeni," anayankha mayi Noeleen. "Amene amabwera kuno sititchula mayina awo kwa wina aliyense, ngakhale kwa mayi wake womubereka. Mukamufunse mwini wake."

Mwini wakeyo foni sanayankhe, tsiku limenelo ngakhale mawa lake. Lamlungu mpando wake patebulo la nkhomaliro kwa makolo ake unali wopanda munthu, pamodzi ndi ya mwamuna wake Darby ndi ana awo awiri. A Merv ndiwo anapita kukaona, ndipo anabwerako atagwetsa nkhope. Darby, amene anavulala msana kumalo olongedzera malalanje mu Ogasiti, anali asanabwerere kuntchito. Maola a Kerryn ku shopu anawachepetsa. Lendi inali itakwera. Mufiriji a Merv anaonamo majarini, theka la buledi ndi botolo la madzi basi.

"Ndipo akuti kuholo kuja sadzapondakonso," anatero a Merv. "Akuti bola kugona ndi njala."

"Mayo ine! Bwanji sananene? Si ndine mayi wake?"

"Mukufuna ndikuyankheni zoona, kapena zokusangalatsani?"

Mayi Glenys anakumbukira okha kangati anakhala patebulo lomwelo akunyoza anthu olandira thandizo, Kerryn akungoyang'ana m'mbale mwake. Zinawapweteka kwambiri, ndipo analira.

M'mawa mwake anakagula zinthu zodzaza matumba atatu, n'kupita nazo kwa Kerryn. Iye anatsegula chitseko chamkati, koma chakunja cha sefa anachisiya chokhoma.

"Mwanawe, ndakubweretserako tinthu. Ndinalakwitsa. Sindimanena iwe."

"Ndikudziwa kuti simumanena ine, amayi. Mumanena mayi amene anali patsogolo panga pamzere, amene amuna awo anamwalira mwezi watha. Mumanena mnyamata wa ana atatu amene anali kumbuyo kwanga. Ineyo ndikusiyana nawo pati?"

"Tenga chifukwa cha anawa."

"Bwererani nazo. Chitete changa n'chaching'ono, sizikwanamo."

Chitseko chinatsekedwa mwakachetechete. Madzi akatayika saoleka, ndipo mayi Glenys anaima pakhonde paja ndi matumba awo mpaka manja anachita dzanzi.

Sanapite kunyumba. Analunjika kuholo, komwe anapeza mayi Noeleen akukolopa.

"Noeleen, zidzukulu zanga zili ndi njala chifukwa cha pakamwa panga. Ndiuzeni chochita."

Mayi Noeleen anaimika chokolopera, n'kuwatsogolera kuchipinda chosungiramo chakudya. Mashelefu ambiri anali mbee. Pakona panali mabini awiri odzaza zitini zakale.

"Simuli nokha, anzanga. Zonsezi zachokera mumsonkhesonkhe womwewu. Anthu amayesa kuno n'kotayira zimene zawakwana m'kabati. Ife timathera tsiku lonse kusankha, kenako tivutikenso kukataya, pamene mabanja akuyembekezera. Ndipo taganizani munthu amene walimba mtima, wameza manyazi, wabwera kuno, akafika kunyumba apeze kuti tamupatsa chitini chadzimbiri. Ndiye kuti tamuuza chiyani?"

"Kuti ndi munthu wa zotsala," anatero mayi Glenys motsitsa mawu.

"Eya. Ndiye lamulo lake n'losavuta. Werengani kapepala, chifukwa timalemba zimene zikusowadi. Yang'anani tsiku pa chinthu chilichonse. Chikhale chosatsegula, chosabonyoka, chosatupa. Ngati simungachiike patebulo panu, musachiike m'thumba lathu. Ndipo amene mungamuone kuno, mwamuona ndi maso okha, pakamwa ayi."

"Nanga Kerryn?"

"Kerryn simungamukoke ndi chingwe. Chimene mungathe n'kuonetsetsa kuti tsiku limene adzabwere, adzapeze mashelefu ali ndi kanthu."

Anawapatsa kapepala kena. Ulendo uno mayi Glenys anavala magalasi n'kuwerenga mzere uliwonse: mkaka wa m'mabokosi wosaonongeka msanga, phala la m'mawa, mpunga, pasita, nsomba ndi nyemba za m'zitini, chiponde, tiyi, sopo, matewera, mapadi. Zoti anthu angasowe matewera ndi mapadi sanaziganizirepo chibadwire. Anakhuthula matumba awo atatu aja patebulo, ndipo zonse zinalandiridwa.

Popeza nkhokwe inali isanadzaze, komiti inakonza msonkhesonkhe wachiwiri kumayambiriro kwa Disembala. Mayi Glenys anapempha kuti matumba a mumsewu wathu agawe ndi iwo. Koma sanangowakoleka pamageti ayi. Ankagogoda nyumba ndi nyumba, dzuwa likuswa mtengo, chipewa kumutu, a Merv akuwatsatira pang'onopang'ono pagalimoto.

Ankanena zofanana paliponse. "Ine ulendo watha ndinapereka zinyalala, ndipo ndinalankhula zopusa pamaso pa anthu. Musachite ngati ine. Werengani kapepalaka." Dzina la Kerryn sanalitchule kwa munthu.

Bambo Alf Duggan, a panyumba ya pakona, anawaseka. "Iii, Glenys kupepesa? Lero kugwa matalala! Dikirani nditenge zitini zanga za supu, zakhala m'galaja kuyambira kalekale."

"Zimenezo mudye nokha, achimwene, tidzakuimbireni nyimbo yabwino pamaliro. Kuno tikufuna zatsopano."

A Duggan anaseka mpaka kutsokomola, koma madzulo ake anaoneka ku shopu akuwerenga kapepala kaja, ngolo yogulira ili m'manja.

Loweruka la msonkhesonkhe wachiwiri, matumba a mumsewu wathu anadzaza galimoto ya a Merv kawiri. Pa zonsezo, zopita m'bini sizinakwane ndi thumba limodzi lomwe. Mayi Noeleen anachita kusowa poika mkaka. Anthu anaotcha masoseji panja pa holo, akuombera m'manja, koma mayi Glenys sanasangalale kwenikweni. Panali patadutsa milungu itatu chichokereni Kerryn chimanjamanja, ndipo iwo ankadziwa kuti milungu itatu imeneyo zidzukulu zawo zadya buledi ndi majarini.

Anayamba kuthandiza kuholo Lachinayi lililonse. Mayi Noeleen anawaphunzitsa mafunso awiri amene aliyense wobwera amafunsidwa, kenako anawaika patebulo lolandirira anthu.

Lachinayi lomaliza sukulu zisanatsekere, cha m'ma leveni koloko, Kerryn analowa pakhomo la m'mbali lija. Kaya anamunyengerera ndi bambo ake, kaya ndi njala ya ana, palibe akudziwa. Ataona amene ali patebulo anaima, ngati abwerere. Mayi Glenys sanamuthamangire, sanalire, sanachite chilichonse choti anthu acheuke. Anadikira mpaka nthawi yake pamzere itakwana, n'kumufunsa monga amafunsira wina aliyense.

"Takulandirani. Kunyumba mulipo angati? Nanga sabata ino chikusowa kwambiri n'chiyani?"



"Tilipo anayi. Chikusowa ndi mkaka ndi phala la ana," anatero Kerryn. "Funso limeneli mukanandifunsa mu Ogasiti, amayi."

"Ndikanakufunsa, mwanawe. Sindinafunse. Ndikhululukire."

Kerryn anasankha zimene amafuna pamashelefu odzaza aja, ndipo bokosi litalemera anatembenuka.

"Tandigwirireni mbali iyi, tikaike m'galimoto."

Ananyamula awiri mpaka panja.

Tchuthi chimenecho palibe banja limene linabwezedwa kuholo chimanjamanja. Kerryn ndi amayi ake amalankhulana tsopano, ngakhale Lamlungu lina amabwera, lina ayi. Mayi Glenys amanena okha kuti mashelefu anadzaza m'sabata imodzi, koma chimene anaswa ndi mawu awo akuchimatabe mpaka lero.

Choncho thumba likafika pageti panu, werengani kapepala, yang'anani tsiku, ndipo perekani chakudya chimene inuyo mungadye. Koposa zonse, samalani polankhula za anthu olandira thandizo. Simudziwa amene waima pamzere, ndipo mwina ndi munthu amene mumadya naye patebulo limodzi.