Alamu Agona Ngati Dolofini

Fungo linamulandira mayi woluka tsitsi asanatsegule n'komwe chitseko. Atalowa anangoti kakasi. Mwana wake wa chaka chimodzi anali atavula thewera, ali khale pakapeti, manja onse ali bii. Zimene zinali m'theweramo zinali zitafika pakhoma, pamakatani, ngakhale pa rimoti. Kadzanja kena kanali pa ulendo wopita kukamwa.

"Mayo ine!" Anamutsomphola mwanayo.

Bwana wa kusaluni salola ana kuntchito, n'chifukwa chake mayiyu anasiyira mwana mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake. Pakhomopo ankamutcha Profesa, poti ntchito yake yokhayo inali kuonera mapulogalamu a zinyama. Ndiye uyo ali gada pasofa, kukamwa kuli yasa, dovu likuyenderera pakhushoni. Diso limodzi linali lotseguka pang'ono, loyera ngati la nsomba yogona pamsika.

"Alamu! Kulera mwana kwake n'kumeneku?"

Profesa anadzambatuka. "Sindinagone, alamu. Ndimapumula ngati dolofini."

"Ngati chiyani?"

"Dolofini, ya m'nyanja zamchere ija. Imagoneka theka la ubongo, theka linalo lili maso. Diso limodzi latseka, lina likuyang'ana adani, uku ikukwera pamwamba kukapuma mpweya. Itagona yonse ikhoza kumira. Ndakhala ndikuyeserera."

"Nanga theka lili masolo linali kuti pamene mwana amapenta nyumba?"

"Mwina zinali pa kusinthana."

"Nsomba yanuyo..."

"Si nsomba, alamu. Imayamwitsa."

"Ndiye kuti iyo imadziwa kulera. Inu mumangodziwa kutsegula mapoto. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma inu ngakhale wa mkulu wanu wakukanikani!"

Profesa anafuna kuyankha, nadzisisita ndevu mwaukatswiri. Anaima. Anayang'ana zala zake, n'kuzinunkhiza. Mwana uja sanaiwale ndevu za bambo ake aang'ono. Profesa anathamangira kubafa atagwira pakamwa.

Mayiyo sanaseke. Anamusambitsa mwana m'beseni panja, n'kumutsuka m'kamwa ndi chala. Chinamunyansa kwambiri sichinali khoma ayi, koma munthu wamkulu wandevu zake kuikira kumbuyo tulo.

M'mawa mwake anabereka mwana, natenga chikwama cha zipeso.

"Musiyeni, alamu, lero sindiphethira," anatero Profesa.

"Bwana akandichotsa ntchito, andichotse," anatero mayiyo. "Ntchito ndikapeza ina. Uyu sindingamupezenso."