Chipolopolo cha Khosi la Botolo

Panali patatsala masiku asanu ndi anayi kuti nyengo yosaka agwape ndi mfuti iyambe, ndipo mufiliji yaikulu ya kwa a Virgil Tackett munalibe ndi fupa lomwe. Fakitale ya matayala imene ankagwirako ntchito inatsekedwa mu Ogasiti. Pakhomo panali iwo, akazi awo a Noreen, ndi zidzukulu zitatu zimene mwana wawo wamkazi anasiya pomwalira. A Virgil ankadziwa kuti akapanda kupha gwape m'sabata imodzi yokha ya nyengoyo, anawo adutsa nyengo yonse yachisanu osalawa nyama.

Anatsitsa mfuti ya malemu bambo awo, ija ya 30-30 imene anachoka nayo ku mapiri a ku Kentucky posamukira kuno ku Ohio, nayamba kuipukuta pa tebulo.

"Kabuku kaja anakupatsani pogula laisensi mwakawerenga?" anafunsa a Noreen.

"Zaka makumi anayi ndikusaka, lero kabuku kandiphunzitse chiyani? Mfuti zazitali anaziloleza kuno. Anthu ndimawaona atanyamula zofanana ndi yangayi."

"Chikhalireni kuno simunalowepo m'tchire, bambo. Safunsa anadya phula."

A Virgil anangopitiriza kupukuta mfuti yawo. Anali munthu wabwino, koma makani okha Mulungu anawapatsa mosefukira.

Kuti munthu asake m'malo a mwini, pamafunika chikalata chosainidwa ndi mwiniwakeyo. Nkhalango yokhayo yapafupi inali ya Mayi Ilene Brubaker, mayi wamasiye woyendera ndodo amene ankakhala tsidya la munda wa chimanga. A Virgil anapitako m'mawa mwake, chikalata chili m'thumba.

"Kusaina ndisaina, aneba," anatero Mayi Brubaker. "Koma ndiyambe ndaona chipolopolo chanu."

"Mfuti ili m'galimoto. Ndikatenge?"

"Mfuti sindikuifuna. Ndati chipolopolo."

A Virgil anatulutsa chimodzi m'thumba la jekete. Mayiwo anachiimika pa tebulo, kenako anatsegula kabati n'kutenga china chachifupi, chonenepa, n'kuchiimika pambali pake.

"Taonani chikopa chamkuwachi. Changachi n'chowongoka kuyambira pansi mpaka pamwamba, ngati paipi. Chanuchi chafika apa n'kupanga mapewa, kenako khosi, ngati botolo. Kuno chokhala ndi khosi saphera gwape. Msilikali wa gemu, woteteza nyama zakutchire, akakupezani nacho, mfuti ipita, nyama ipita, inu mukaonekera kukhoti."

"Koma mfuti zake n'zofanana! Ndaziona ndi maso angawa."

"Zimafanana kunja kokha. Lamulo siliyang'ana nkhope ya mfuti, limayang'ana chimene mfutiyo imadya."

A Virgil anapsa mtima. "Mayi, ine sindinabwere kudzaphunzira sukulu. Kwanga kuli ana atatu a malemu mwana wanga. Mukufuna azidya malamulo?"

Mayi Brubaker sanakweze mawu. Anadzuka movutikira, nabwerera ndi kabotolo kakang'ono. M'kati mwake munali kachitsulo kophwanyika, kakuda.

"Aka anakachotsa m'chiuno mwangamu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinkayanika zovala kuseriku, masana dzuwa likuswa mtengo. Kulira kwa mfuti sindinakumve n'komwe. Ndinangozindikira ndili pansi. Wowomberayo ayenera kuti anali kutali kupitirira mailosi imodzi, ndipo mpaka lero sadziwika. Mwina iye amangoti anaphonya gwape." Anaika kabotolo kaja pa tebulo. "Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Mwanayo tinamuika m'manda Lachisanu lake. Wina sindinakhalenso naye."

A Virgil anayang'anitsitsa kachitsulo kaja. Manyazi anawagwira, ndipo anavula chipewa chimene anaiwala kuvula polowa.

"Kwanu kuja mukaphonya, phiri limagwira chipolopolo," anapitiriza mayiwo. "Kuno kulibe phiri. Tayang'anani pawindopo. Akakolola chimanga, kuchokera pano mpaka kutchalitchi kulibe choimitsa kanthu, ndipo munda uliwonse uli ndi nyumba. Zipolopolo za khosi zambiri zimathamanga kwambiri n'kufika kutali zisanatope. Zowongoka zimafooka msanga. Sindikuti chowongoka sichipha munthu, ayi. Chimapha ndithu. Lamulo langochepetsa ngozi, yotsalayo ili m'maso mwanu."

"Ndiye ndichite bwanji?" anafunsa a Virgil, mawu atatsika.

Mayiwo anatsegula kabuku ka malamulo a chaka chimenecho pa tsamba la mfuti, n'kuwasonyeza ndi chala. Chipolopolo chikhale chowongoka, ndiponso kukula kwake kukhale m'malire amene alembedwa. M'mfuti musapitirire zipolopolo zitatu. Anawachenjezanso kuti chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, ndipo amasintha, choncho zimene munthu anamva chaka chatha kapena kwa mlamu wake wa ku Indiana sizothandiza.

"Zololedwazo si zonse zokuyenerani," anatero. "Ya 45-70 imagwetsa gwape bwino, koma imamenya phewa ngati bulu. Inu phewa lakumanjalo mumalinyamula ngati la eni, ndakuonani. Ya 44 ndi yofatsa koma imafuna nyama ikhale pafupi. Mukayese 350. Simenya kwambiri, ndipo pa mayadi zana limodzi ndi theka imakwana. Nambala ya pabokosi ifanane ndi imene yadindidwa pampope wa mfuti."

Ndalama yogulira mfuti ina panalibe, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. A Virgil atafotokozera akazi awo, a Noreen anangoyang'ana mfuti yakaleyo. Bambo awo a Virgil anaipereka m'manja mwawo ali pa bedi la imfa. Masiku awiri a Virgil anakhala akuzungulirazungulira pabwalo ngati munthu wotaya kanthu. Tsiku lachitatu anaikulunga m'bulangete n'kupita nayo kusitolo ya mfuti m'tauni.

Mwini sitoloyo anaitembenuza, naisisita. "Mukutsimikiza, madala? Zoterezi munthu akasinthitsa amadzalira."

"Ndalira kale m'galimoto. Ndipatseni ya 350, ngakhale yogwirapo kale ntchito, ndi mabokosi awiri a zipolopolo."

Mayi Brubaker anasaina chikalata ataona bokosilo. Anawauzanso kuti akayeserere kaye pa mulu wa dothi kuseri kwa khola, mpaka adziwe pamene chipolopolo chimayambira kugwa. Bokosi limodzi linathera pomwepo.

Lolemba, tsiku lotsegulira, a Virgil anakhala m'mphepete mwa nkhalango atavala jekete ya olenji. Cha m'ma eyiti kunatulukira gwape wamphongo, wamkulu, n'kuima pamtetete. Anamuloza bwinobwino, chala chili pokhethemulira. Koma kuseri kwa nyamayo, kutali, ankaona denga loyera la nyumba ya eni ndi utsi ukufuka. Anatsitsa mfuti. Gwape anayenda pang'onopang'ono ngati akuwaseka, mpaka analowa m'thengo.

Kunyumba kamdzukulu kakang'ono kanawathamangira. "Agogo, nyama ili kuti?" A Virgil analowa m'nyumba chimanjamanja, mtima ukuwawa. Lachiwiri sanaone kalikonse koma akhwangwala.

Lachitatu m'mawa gwape wamkazi wonenepa anatsikira kukhwawa kukamwa madzi. Kuseri kwake kunali gombe lalitali la dothi. A Virgil anawombera kamodzi, ndipo nyamayo inagwa pomwepo.

Akuikweza m'galimoto atamaliza kuilembetsa kuboma monga mwa lamulo, panaima msilikali wa gemu. Anaona laisensi, anaona chikalata cha Mayi Brubaker, kenako anatambasula dzanja. "Chipolopolo, bambo." Anachiyendetsa chala kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kuchibweza.

"Zili bwino, pitani mukadyetse banja. Dzulo ndinalanda mfuti ndi gwape kwa mkulu wina wa msinkhu wanu. Akuti samadziwa. Analira ngati mwana, koma ine ndikanatani?"

Madzulo ake a Noreen anakazinga chiwindi ndi anyezi, ndipo anawo anadya mpaka kunyambita mbale. Mwendo umodzi anaupatula kuti ukhale wa Mayi Brubaker. Yotsalayo anaiduladula n'kuilongedza, yokwanira kufika Malichi.

"Mukuiganizira mfuti ija?" anafunsa a Noreen, ataona amuna awo akuyang'ana pamalo pamene inkakhala.

"Ndikuiganizira, ndipo sindidzasiya. Koma bambo anandisiyira kuti izidyetsa ana. Taonani, yawadyetsa."

Mlenje mnzanga, usadalire zimene unazolowera kwanu kapena zimene waona mnzako atanyamula. Werenga malamulo a dera lako chaka chilichonse, yang'ana chipolopolo chako ngati chili chololedwa, sankha chimene thupi lako lingachikwanitse, ndipo usawombere usanaone chimene chili kuseri kwa nyama. Gwape ukamulekerera lero, mawa umapeza wina. Chipolopolo chikatuluka sichibwerera, ndipo kumene chikukagwera kumakhala anthu.