Jekete ya Abusa Kalinde

"Tembenuzani sutikesiyo, mwina yakakamira pansi," anatero a Bibiana.

A Mikaele, mkulu wa mpingo, anaitembenuza. Munagwa malaya oyera awiri, mataye atatu, buku la nyimbo lopanda chikuto, ndi kachitini ka singano ndi ulusi wakuda wongogula kumene. Jekete munalibe.

Linali tsiku lachinayi chiikireni maliro a Abusa Kalinde kumudzi kwawo, cha ku Namitambo. Abale anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuti agawane zovala za malemu, akatero awasudzule a Elestina, mkazi wa abusawo, azipita kwawo ku Nchema. Mitambo inali itayamba kale kuda, pomwe munda wa a Elestina unalibe ngakhale mzere umodzi.

"Alamu," anatero a Bibiana, mlongo wa malemuwo, "achimwene tawaika ndi malaya okha ngati mwana wa sukulu. Ndinakhala chete chifukwa cha alendo. Lero alendo apita. Jekete yakuda ija ili kuti?"

"Sindikudziwa, alamu."

"Zaka makumi atatu bulangeti limodzi, inu osadziwa? Jeketeyo ndi ya Frackson mwana wangayu, za malume wake. Isanaoneke, pano palibe kusudzulana. Chimanga chanucho mudzala kumaloto."

A Elestina anayang'ana pansi. Akanafotokoza bwanji chinthu chimene chinawazunguza mutu iwo eni zaka zonsezi? Jekete ija inali yoyendayenda kuposa mwini wake. Abusa ankaikulunga m'nyuzipepala, kuimangirira kumbuyo kwa njinga, n'kubwerako madzulo ndi malaya okha. Ukawafunsa, ankangomwetulira: "Yatsala ikulalikira, mayi." Pakatha sabata kapena ziwiri inkabwera ikununkhira sopo wa kunyumba ina, m'thumba muli timapepala ta switi. Chaka china a Elestina anafika poganiza kuti kuli mkazi wina. Anasala kudya masiku awiri, tsiku lachitatu njala inawauza kuti mkazi wolandira jekete yekha popanda mwamuna wake sanabadwe.

"Jekete ija sinali yolongosoka," anatero a Elestina pomaliza. "Lamulungu lina manja ake ankafika m'zala, abusa podalitsa anthu tizingoona nsalu. Lamulungu linzake manja omwewo athera kuno, wotchi yonse pamtunda. Ine ndinkayesa abusawo ndiwo akufupika ndi kutalika."

"Mwamva?" A Bibiana anaomba m'manja. "Tsopano jekete yasanduka nyongolotsi! Mawa atiuza kuti inakwera kumwamba patsogolo kukawasungira malo."

Palibe mwamuna anaseka. A Mikaele anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi. Frackson anapeza nyerere pafupi ndi phazi lake, n'kuyamba kuiperekeza ndi kamtengo ngati ndi mbale wake.

Apo m'pamene panatulukira bambo wina wamfupi, fumbi mpaka m'maondo, jumbo m'khwapa. Anagwada chapatali, napepesa maliro. Anati dzina lake ndi Simoni, wa kumpingo wa nthambi ku Mpama, ndipo uthenga unamupeza mochedwa ali kuganyu ku Thyolo. Kenako anamasula jumbo ija, natulutsamo jekete yakuda.

A Elestina anagwira pakamwa.

"Wakuba wadzibweretsa yekha!" anakuwa a Bibiana.

"Iyayi, amayi. Anandibwereka okha, sabata ija asanagwe. Ukwati wanga ndi Loweruka likubwerali. Anandiuza kuti ndisauze munthu, ngakhale mkwatibwi. Anati mwamuna asamaime kutsogolo kwa mpingo mtima uli pa chigamba cha pachigongono." Simoni anameza malovu. "Ndaganiza usiku ndi usana. Ndabweza. Ndikakwatira ndi malaya."

"Bodza lenileni. Achimwene angabwereketse jekete ya paguwa?"

A Mikaele anakhosomolanso, ulendo uno chifuwa chinatuluka ndi mawu. "Mayi, ine pokadalitsa ukwati wanga ndinavala yomweyo."

"Inu? Si inu muli pachithunzi chija chili pakhoma kwanu, mutaima ngati bwana wa ku banki?"

"Bwanayo ndine. Jeketeyo ndi iyi."

Kumbuyo kunamveka mwamuna wina: "Ndi ine ndemwe." Winanso anangokweza chala ngati ali m'kalasi. Akazi awo anatembenuka kuwayang'ana, wina mpaka anamasula mpango n'kuumanganso.

A Bibiana anayang'ana uku ndi uku. "Ndiye mpingo wonsewu unakwatira m'chovala chimodzi? Amuna a masiku ano! Mwana wanga yekha ndiye anakwatira ndi jekete yakeyake, chaka chija tinavotera matipate. Anakagula ku Limbe. Tawauza, Frackson."

Frackson anaisiya nyerere ija.

"Amayi, ku Limbe ndinangogulako sokosi."

A Bibiana anatsegula pakamwa, anatseka, anatsegulanso. "Nanga ndinkafuna kukupatsa chiyani, poti unavala kale?" anafunsa, koma sanali kufunsa munthu.

A Elestina anatenga jekete ija, natembenuza dzanja lake limodzi. M'kati munali tizibowo ta singano, mizeremizere, wina pamwamba pa unzake ngati munda wa pamtsetse. Mzere wotsiriza unali ndi ulusi watsopano, wosokedwa mokhotakhota, misoko ikuluikulu ya munthu amene sanaphunzitsidwe ndi wina aliyense. Anayang'ana kachitini kaja pamphasa. Zaka zonsezi ankayesa kuti abusa amasungira mabatani.

Dzanja linalo linali losapinda.

"Ulusi unawathera," anatero Simoni. "Anati abweranso Lachinayi adzamalize."

A Elestina anayang'ana Frackson, mwini wake watsopano wa jekete. Frackson anagwedeza mutu movomera, osadzutsa nkhope.

"Valani, bambo," anatero a Elestina.

Simoni anavala. Dzanja lamanzere linamukwana bwinobwino, lamanja linameza zala zonse. A Elestina anatsegula kachitini, nanyowetsa ulusi ndi malovu, koma maso anali atadzaza madzi, bowo la singano osaoneka. Anayesa kachiwiri, anaphonya.

"Bweretsani kuno, alamu, mungatibaye nayo mkwati," anatero a Bibiana. Analowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi, nabweza singano. Kenako anagwira mkono wa Simoni n'kuuwongola. "Tambasula bwino iwe, ukukwatira sukupempha mchere. Ndipo Lolemba ibwere, wamva? Usakagone nayo." Anasuzumira kumwamba. "Sokani msanga, alamu. A Mikaele atisudzule, mvulayi isakupezeni kuno."

A Elestina anapinda nsalu, nalowetsa singano m'kabowo kakale.