Kachizindikiro Kofiira pa Foni ya Kayla

"Thanda, lemba pasiwedi apa. Manje manje."

Bwezani, woimba patsogolo mu bandi ya Malasha, anapatsira Thandazani foni yonyezimira osamuyang'ana n'komwe. Maso ake anali pa galasi la galimoto yakufa imene inkakhala m'garaja ya ku Woodlands momwe bandiyo inkayesereramo nyimbo, ndipo ankapesa ndevu ndi chala.

"Pasiwedi ya chani?" Thandazani anafunsa motsitsa mawu.

"Ya peji, iwe. Uyu ni Kayla wa ku Kabulonga. Kuyambila lelo ndiye azatisungila Fesibuku na TikTok."

Mtsikana amene anakhala pa sipika anakweza dzanja la zikhadabo zazitali zopakidwa utoto. "Nayiona peji yanu," anatero. "Ili bwino chabe, koma inunkha kumunzi pang'ono."

Anyamata a magitala anaseka. Amos, msuweni wa Thandazani amene ankaimba ng'oma, anawerama n'kuyamba kumanga chitsulo chimene chinali chomangika kale.

"Osakalipa, Thanda," Bwezani anapitiriza. "Tsabola wakale sawawa. Foni yako yosweka ija imatijambula monga tili mu utsi. Elo munthu wosakamba angatilengeze bwanji? Iwe ngakhale 'odi' imakukanga."

Thandazani analemba pasiwedi.

Peji ija anaitsegula yekha pa nthawi imene Malasha inkaimbira mipando yopanda anthu m'bala ina ya ku Chelstone. Masana ankagwira ntchito ya fotokope m'tauni, ndipo makasitomala akachepa ankadula mavidiyo ndi kuyankha anthu. Pakamwa pake mawu ankamatirira, koma pa zala ankatuluka ngati madzi a pampopi. Aliyense wolemba ndemanga ankayankhidwa, ndipo ankayankhidwa m'dzina la Bwezani. Wina akalemba kuti mwana wake wadwala, mawa lake ankafunsidwa ngati wagona bwino. Kondakitala wa minibasi akadandaula za apolisi, ankalandira nthabwala. Anthu anayamba kunena kuti mnyamata uja ndi woleredwa, pamene mwini wakeyo sankawerenga ngakhale ndemanga imodzi. Lachinayi lililonse masana bandi inkaimba pa laivu, anthu akuonerera pa peji nthawi yomweyo, Thandazani ali kumbuyo kwa foni akunong'oneza maina a oonerera, Bwezani n'kumawafuula pakati pa nyimbo. Munthu akamva dzina lake lero, Loweruka ankabwera ku Chelstone ndi anzake. Umu ndi mmene mipando ija inadzadzira.

Madzulo a tsiku lopereka pasiwedilo, Thandazani atatsika basi ku Kabwata, anadzera pamsika monga mwa masiku onse. Ba Rhodah, mayi wosoka zovala wochokera ku Katete, anamukodola ali pa makina awo.

"Mwana wanga, bwera uone!" Anatambasula malaya a chitenge chofiira, pamsana atapeta dzina lakuti MALASHA ndi ulusi wachikasu. "Awa ndi a Bwezani. Enawo ndimaliza mawa. Ndawauza kuti ndi mphatso, akavale Loweruka. Taona zimene anandiyankha dzulo."

Anamuonetsa foni. Panalembedwa kuti: Amayi athu, popanda inu moto ukanazima kale. Thandazani anawadziwa mawuwo. Anawalemba ataimirira m'basi, dzanja lina litagwira chitsulo.

"Ana amasiku ano saona nkhope ya munthu wamkulu," Ba Rhodah anatero akupinda malayawo mosamala. "Koma uyu, ayi. Ndimamupempherera pa peji pomwepo kuti dziko lonse lione."

Masiku otsatira Thandazani anayenda ndi khala la moto pachifuwa. Anaganiza zofafaniza peji yonse asanamutsekere kunja, koma peji ija inali ngati mwana wake. Anaganiza zolemba chilichonse poyera, koma ndani akanakhulupirira kamtsikana kosatha kupereka moni? Pa makina a fotokope ankangoona nkhope ya Bwezani ikutuluka pa pepala lililonse, ikuseka. Sanadziwe chimene adzachite. Anangodziwa kuti sadzachoka chimanjamanja.

Lachinayi Bwezani anamuitana. "Ubwele ku Kabulonga unyamule malaiti. Umuonese Kayla vintu, ukalibe kuyenda."

Kwawo kwa Kayla, m'dera la anthu olemera, mlonda anamufunsa mafunso pageti asanamulowetse. Kuseri kwa nyumba kunali dziwe losambiramo ndi chisakasa chofolera udzu, pamene anyamata anali atayala kale zida zawo. Onse anatseka mabelu a mafoni awo n'kuwaponya m'chikwama cha gitala. Lamulo limeneli analiika ndi Thandazani kalekale, foni ya wina italira pakati pa nyimbo.

Anayandikira Kayla. "Pomaliza laivu," anayamba, "ukadina, imafunsa..."

"Niziba, mwandi," Kayla anamudula. "Sinayambe lelo kugwila foni. Imika chabe laiti apo."

Safunsa anadya phula, Thandazani anatero mumtima. Anakakhala pa mpando wa kumapeto, natsegula laivu pa foni yake yosweka ngati woonerera wamba, mawu atawatsitsiratu.

Zithunzi zinali zoyera, zimenezo sakanakana. Koma maina ankakwera pa galasi popanda wowatchula. Moni ba Bwezani, ndi Rhodah wa pa Kabwata. Patapita nthawi, Ba Rhodah analembanso. Kayla ankangoyendetsa foni uku ndi uku, kuti dziwe lioneke bwino.

Nyimbo yomaliza itatha, Bwezani anatenga maikolofoni n'kuloza kumapeto. "Bantu banga, mukalibe kumuona uyu. Ni Thanda, amene enze kutijambula na foni ya agogo bake. Lelo ni tsiku yake yomaliza. Kayla, muonese! Thanda, laila bantu."

Foni inatembenuka. Thandazani anaona nkhope yake pa galasi losweka m'manja mwake, pakamwa pali pululu. Tinkhope toseka tinayamba kuuluka pa galasi, tambirimbiri, tochokera kwa anthu omwe iye anawafunsapo za ana awo odwala.

"Mwaona? Netiweki yake imavuta!" Bwezani anafuula. "Tionana pa Chibelu, Loweruka lino, ku Chelstone. Kayla, zima."

Kayla anadina kamodzi ndi nsonga ya chikhadabo, nagoneka foni chafufumimba patebulo, nathamangira kukauza wantchito kuti abweretse zakumwa.

Thandazani anayang'ana m'manja mwake. Pa galasi pankaoneka udzu wa denga la chisakasa. Pakona, kachizindikiro kofiira kanali kakuyakabe. Foni ya Kayla inali itafunsa ngati akufunadi kumaliza, ndipo panalibe amene anaiyankha. Ndemanga zinkakwera: Tikali kukumvani. Mwaiwala kuzima.

Liwu limodzi likanakwana. Kwa zaka zonsezi ntchito imeneyi inali yake: kudina kawiri, kukweza chala chachikulu, anyamata n'kumasuka pakamwa. Anaona dzina la Ba Rhodah pakati pa oonerera. Analiyang'ana kwa kanthawi. Kenaka analowetsa foni m'thumba la siketi, nasendeza mpando wake kufupi ndi tebulo.

"Ba Bwezani," anatero, ndipo mawu ake anatuluka omveka bwino kotero kuti Amos anatembenuka. "Malaya aja ba Rhodah basiliza kusoka. Muzavala pa Chibelu?"

"Ah, netiweki yabwela!" Bwezani anadziponya pampando, mapazi n'kuika patebulo pafupi ndi foni. "Ine nivale chitenge ya makatani? Nizapukutila nsapato. Mayi uja anilemesa. Tsiku na tsiku mapemphelo pa peji monga tili pa malilo. Ine sinamuyankhepo olo kamozi. Ni iwe wamene unamuzoloweza."

"Iwe, Bweza," Amos anachenjeza, "usatukwane ng'ona ukalibe kuwoloka."

"Nawoloka kudala, mudala! Ona pamene takhala."

Apa Thandazani akanatha kusiya. Zinali zitakwana. Koma tinkhope toseka tija tinali tikuulukabe m'maso mwake.

"Nanga bantu ba ku Kabwata na Chelstone?" anafunsanso. "Bamakukondani maningi."

"Bamanikonda na chani? Bantu batatu botolo imozi, kuvina usiku onse, kununkha thukuta. Makondakitala na bamayi ba pamaliketi. Niwatchula maina monga mwamene umaponyela nkhuku chimanga. Tikangoyamba kuimba kuno ku Kabulonga, sibazaniona futi. Chibelu ino ni yomaliza kuimbila njala."

Anyamata a magitala anaseka mpaka kuwomba m'manja. Kuseka kwawo kunadukira pakati pamene mayi wantchito anatulukira akuthamanga, opanda zakumwa, foni yake ili m'mwamba.

"Ba Kayla! Mukali pa laivu! Nikumvelani ku khichini!"

Kayla analumphira foni. Bwezani anatsitsa mapazi pang'onopang'ono. Palibe amene anayang'ana Thandazani pamene ankapinda miyendo ya laiti, kuiika bwinobwino pakhoma, n'kutuluka pageti. Mlonda sanamufunse kanthu.

Kayla anafafaniza vidiyoyo, koma anthu anali ataijambula kale. Pofika Lachisanu inali m'mafoni a makondakitala onse a pa siteshoni ya m'tauni. Thandazani anaimva ikulira m'basi, mawu a Bwezani akunena za nkhuku ndi chimanga, mayi wina kumbuyo akuti, "Tione ngati Kabulonga izamuvinila." Anayang'ana pawindo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'sabata imeneyo anamva njala yeniyeni ya chakudya.

Loweruka Amos anamutumizira chithunzi cha bala ya ku Chelstone: mipando ili ndondondo, mwini bala ataima pakhomo manja ali m'chiuno. Pansi pake analemba kuti, Batiuza kuti tisabwele futi. Na ine nilibe pokaimba manje. Lamlungu Thandazani atatuluka m'tchalitchi, foni inalira.

"Thanda, mlongo wanga," anali Bwezani, mawu atafewa ngati nthochi yakupsa. "Kayla analemba vopepesa mu chizungu, bantu bakalipilatu. Iwe uziba mwamene bamafunila kukambiwa. Lemba chabe monga kudala. Pasiwedi nizakubwezela lelo."

Thandazani anamusiya adikire mpaka anafunsa kuti, "Halo? Ulipo?"

"Nilipo," anayankha. "Koma munthu wosakamba angakulengezeni bwanji?"

Anadula foni. Zinakoma. Zinakoma njira yonse yochokera kutchalitchi, ndipo zinali zikukomabe Lolemba madzulo pamene anatsika basi n'kulowa mumsika.

"Amayi ba mapemphelo!" mnyamata wina wogulitsa tomato anakuwa cha kutsogolo. "Tisokeleni makatani!" Anzake anaseka.

Ba Rhodah sanatukule mutu. Makina awo anali ataphimbidwa ndi nsalu. Pamiyendo pawo panali malaya ofiira aja, ndipo ankadula ulusi wachikasu ndi lezala. Thandazani anafuna kudutsa mwakachetechete, koma iwo anamuona.

"Bwera kuno."

Anayandikira.

"Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Uyo mlomo wake wamutsata, ndilibe naye mawu." Anakoka ulusi wautali n'kuutaya pansi. "Koma ndaimvetsera vidiyo ija kambirimbiri, mwana wanga. Akuti amene ankandiyankha unali iwe."

"Ndinali ine, amayi."

"Zoti popanda ine moto ukanazima?"

"Ndinalemba ndine. Ndipo zinali zoona."

"Ndiye iwe ndi amene unkadziwa kuti Lachinayi sindiphonya." Ba Rhodah anamuyang'ana tsopano, maso ali ofiira koma ouma. "Iwe amene moni amakuvuta, tsiku limenelo unafunsa mokweza ngati mlaliki. Ndipo dzina loyamba kutuluka pakamwa pako linali langa. Anakuchita chipongwe, ndinaona, ndipo ine sindinaseke nawo. Koma pofuna kugwira khoswe wako, nyambo unaikapo ine."

Thandazani anafunafuna mawu. Akanakhala kuti akulemba pa foni akanawapeza, okoma, ofika pamtima. Pamaso pa mayiwa panalibe ngakhale limodzi.

Ba Rhodah anakankha kampando ndi phazi, natola malaya ena pa mulu n'kumuponyera pamiyendo. Anamupatsanso lezala lina.

"Nsalu ilibe mlandu, isanduka madiresi a ana. Khala pansi. Dzina ili tinalikweza tonse, tilichotsenso tonse."

Thandazani anakhala. Ulusi unali wothina, wosokedwa ndi munthu amene sankafuna kuti udzamasuke. M'thumba mwake foni inayamba kunjenjemera, kusiya, n'kuyambanso. Sanaitulutse. Anapinda msana, nalowetsa lezala pansi pa chilembo choyamba.