Mkazi Womva Mphenzi Isanagwe

Padenga la nyumba ya Sellah ku Area 15 panali chitsulo chachitali ngati mlongoti, nthambo yake yotsika ndi khoma n'kulowa pawindo la kuchipinda. Sellah ankaphunzitsa fizikisi ku yunivesite, ndipo kafukufuku wake anali wa mphenzi: kuimva mitambo ikadali kuseri kwa phiri la Bunda, n'kudziwa kumene ikulowera.

Bwenzi lake, Mackford, ankaphunzitsa za miyala pa yunivesite yomweyo. Ankakonda kunena kuti chinthu chabwino chimakhala pansi, chimafukulidwa pang'onopang'ono. Sellah ankamuseka kuti za kumwamba sizibisika, zimang'anima aliyense akuona. Koma nkhani ya chitsulocho Mackford anaikwirira. Kwawo ku Malingunde anangonena kuti wapeza mphunzitsi, basi.

Chifukwa chake chinalipo. Amalume ake, a Lawford, amene anayenera kukhala nkhoswe, anaika m'manda mkazi wawo atawombedwa ndi mphenzi pansi pa mtengo kumunda, ndipo ankakhulupirirabe kuti inachita kutumidwa ndi munthu. Iwowo akakana, chinkhoswe panalibe.

Loweruka limene a Lawford ankabwera kudzaona mbetayo, Mackford analawirira ndi sipanala m'manja, kuchonderera kuti atsitse chitsulocho kwa tsiku limodzi lokha. Sellah anamugwira tsaya, n'kumuuza kuti sangalowe m'banja chozemba ngati wakuba nkhuku.

A Lawford anafika masana, atavala jekete ngakhale kunali kutentha. Pageti anayang'ana kudenga n'kufunsa ngati chinali cha wailesi ya kanema. Mackford anavomera msangamsanga, maso ali pansi. Sellah anagwada, anawalonjera, anawapatsa thobwa lozizira, ndipo macheza anayenda bwino mpaka mkuluyo anayamba kumutcha mayi wathu.

A Lawford ataimirira kuti akapeze minibasi ku depoti ya ku Old Town, kachipangizo kolumikiza ku chitsulo chija kanayamba kulira kuchipinda, tii tii tii. Mackford anatsokomola kuti akaphimbe. Sellah analowa, anayang'ana, anabwerera n'kugwadanso.

"Amalume, musanyamuke. Mphenzi ikubwera, idzera njira yanu yomweyo."

Kunja dzuwa linali likuwalabe. A Lawford anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi pang'onopang'ono, chipewa chili pabondo. Posakhalitsa mphepo inawomba zitseko, kunada bii, ndipo kuwala koyera kunang'amba thambo cha ku Area 9. Bingu linagwedeza makapu patebulo.

Mkuluyo anakankhira kutali kapu ya thobwa ija.

"Mayi, mwadziwa bwanji?"

Mackford anayamba kunena za nyengo pa wailesi, koma Sellah anamudula ndi diso. Poti mkulu ngati ameneyo sangaponde kuchipinda kwa mkazi wa mphwake, Sellah anazula nthambo, ananyamula kompyuta ndi kabokosi kake, n'kuziyala pamkeka pamaso pawo. Anawaonetsa timadontho tofiira tikuyenda pa mapu a Lilongwe. Anafotokoza kuti mtambo umadzaza mphamvu ngati batire, kuti mphenzi iliyonse imasiya phokoso limene khutu silimva koma chitsulo chimamva, ndi kuti ntchito imeneyi ndi imene amadzukira m'mawa.

A Lawford anawerama, chala chawo chikutsata dontho limodzi osakhudza galasi.

"Imene inatenga amayi a kunyumba kwanga, mukanaimva?"

"Ndikanaimva. Kuibweza sindingathe, ndipo kuituma palibe angathe. Koma ndikanawauza achoke pansi pa mtengo."

Mvula inakhuthuka pamalata. Sellah sanachotse maso pa iwo. Mkuluyo anapukuta nkhope ndi chipewa, n'kunena kuti zoti palibe angaitume adzakambirana tsiku lina, pakuti iwo anaona zambiri. Kenaka anatembenukira kwa mphwawo.

"Iwe, wailesi ya kanema? Ukunamiza ine, ndinakusenza pamapewa ukundikodzera?"

Mackford anapepesa. A Lawford anakokanso kapu yawo, anamwa thobwa lotsalalo, n'kuuza Sellah kuti adziwitse ankhoswe akwawo, iwo akakumana nawo kupalira kukangotha. Atatero anasendeza mpando pafupi ndi mkeka, n'kufunsa kuti pa mapupo Malingunde ali pati.