Chimbale cha pa ngolo ya a Samsoni

Anthu a kwathu ku Lisasadzi amati ndinazungulira mutu chaka chimene ndinayamba kusuzumira kumbuyo kwa njinga za eni. Anene, pakamwa ndi pawo. Ine ndinkadziwa chimene ndinkafuna, ndipo sinali njinga ya munthu.

Dzina langa ndine Yobu. Ndimalima fodya maekala awiri ndi chimanga chongokwanira pakamwa pamodzi. Mkazi wanga Evelyn anamwalira chaka chimene makuponi a feteleza anayamba, ndipo mwana wathu mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Lilongwe. Mkamwini wanga anandigulira wailesi yoimba zimbale za sidi, mwina pondipepesa kuti wanditengera mwana. Ndinkaiimbitsa ndi batire ya galimoto imene ndinkakatchajitsa pa msika Loweruka lililonse. M'nyumbamo mawu ena munalibe, kupatula anga ndikamakalipira nkhuku.

Pa msikapo pali a Haidari, amene amagulitsa kaunjika pamodzi ndi akazi awo a Hasina. M'mabelo awo mumabwera zikwama, ndipo m'zikwamamo nthawi zina azungu amaiwalamo zimbale. A Haidari ankaziponya m'katoni. Ogula ake anali a kabaza ndi a ngolo, oti akamangirire kumbuyo kuti ziziphetima galimoto ikawalitsa. Tsiku lina ndinatengapo zisanu kuti ndikayese. Zinayi zinali zachabechabe, china mzungu akuphunzitsa anthu kupuma, ngati alipo amene anaiwala. Chachisanu ndi chimene chinandigwetsa m'mavuto.

Gitala inayamba motsitsa. Ng'oma zitalowa ndinagunda phazi monga timachitira tonse, kanayi n'kubwerera, koma phazi linaponda pachabe. Ndinawerenga ndi zala: anthu amenewa ankagunda kasanu ndi kawiri. Ine ndinaimba besi m'kwaya ya mpingo zaka khumi ndi zisanu, sindine mbuli pa nyimbo, koma izi ndinali ndisanazimvepo. Nyimbo imodzi inkatenga nthawi yoti munthu asoke fodya wodzaza mikangala itatu. Inkayamba mofatsa, kenako magitala n'kukalipa, kenako zonse zii, kutsala limba lokha, ndipo pamene ukuti yatha m'pamene ikutembenukira njira ina. Sinkabwereza zimene yanena kale. Ndinakhala pansi m'chigafa mpaka dzuwa kupendeka, fodya osasoka.

Ndinaitana a Lucious, oyandikana nawo nyumba, kuti adzamve. Anamvetsera pang'ono n'kunena kuti, "A Yobu, chimbale chanuchi chikudumpha. Mulibe china choti munthu n'kuvina?" Ndinayesa anzanga a kwaya, iwonso anati wailesi yadwala. Ndinasiya kuitana anthu. Zinandipweteka, sindinama, chifukwa chinthu chokoma ukamachimva wekha chimakukumbutsa kuti uli wekha.

Kuyambira pamenepo sindinkaphonya tsiku lotsegula belo. Amayi akamalimbirana madiresi, ine mwamuna ndekha pakati pawo ndinkapisa m'matumba a zikwama. Pa zimbale makumi awiri, chimodzi chokha ndi chimene chinkakhala cha mtundu umene ndinkafuna. Ndinaphunzira kuzizindikira ndisanaziimbe: nyimbo zochepa koma zazitali, chikuto chopanda nkhope ya woimba. Pakutha pa zaka ziwiri ndinali nazo zisanu ndi chimodzi.

Mwezi wa Julaye, titagulitsa fodya ku okushoni, ndinapeza chikuto chokhuthala kuposa zonse. Kunja anajambula makwerero ataima okha pakati pa munda wopanda mbewu, ndipo kumbuyo analemba chaka cha 2006. M'kati munali malo a zimbale ziwiri, koma munali chimodzi, chobiriwira, cholembedwa nambala 1.

Chimenecho chinaposa zonse. Munali mayi wa mawu okhuthala amene ankaimba pang'ono n'kusiyira zoimbira. Chakumapeto zonse zinkakwera pamodzi, magitala, limba, ng'oma, mayiyo n'kukweza mawu ngati akufunsa kanthu, ndipo pomwepo chimbale n'kutha. Zinali ngati munthu wakweza khasu m'mwamba n'kuuma pomwepo. Yankho lake linali pa chimbale chachiwiri.

M'mawa mwake ndinali pa sitolo ya a Haidari asanatsegule n'komwe.

"Chinzake chili kuti, achimwene?" ndinafunsa.

A Haidari anakhuthula katoni yonse pansi, osachipeza. Anaitana akazi awo. A Hasina anayang'ana chikutocho n'kugwira pakamwa.

"Chobiriwira? Chinagwa pamene timatsegula belo. Ndinaika basela kwa mayi wina amene anagula majuzi awiri. Anati akapatsa bambo a kunyumba."

"Mayi wa kuti?"

"Iii, a Yobu, nyengo ya fodya ino? Anthu amabwera ngati nyerere. Nkhope ndingaikumbuke ine?"

A Haidari anandigwira paphewa. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene. Mverani chimene muli nachocho."

Mwambi ndi wosavuta kwa munthu amene sanamve mayi uja akufunsa. Ndinawathokoza n'kutuluka.

Vuto lake linali lakuti anthu akamamangirira chimbale, mbali yophetima ndi imene imayang'ana kunja, yolembedwa imabisika. Kuti uone mtundu wake uyenera kuwerama n'kusuzumira kuseri. Ndinasuzumira njinga za pa msika, za pa tchalitchi, za pa chigayo, ngakhale za pa maliro, Mulungu andikhululukire. Wa kabaza wina anandigwira kolala n'kunditcha wakuba pamaso pa anthu. Ndinayesa kumufotokozera za nyimbo yosatha, anthu n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufotokoza. Ogasiti anadutsa, Seputembala ndinafesa nazale, Okutobala ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, ndipo pobwera kudimba ndinkaimba chimbale choyamba chija mpaka pamene chimadukira. Tsiku lililonse chinkadukira pomwepo.

Makuponi anatuluka mu Novembala. Tinaima pamzere kudepoti kuyambira m'mawa, dzuwa likuswa mtengo, mzere osasuntha. Pansi pa mtengo wa mango panaima ngolo zodikira kunyamula matumba. Ndinapempha amene anali kumbuyo kwanga kuti andisungire malo, ndinapita kukayendera ngolozo monga mwa chizolowezi changa. Pa ngolo yachinayi panali chimbale chokhomedwa ndi msomali pa bowo lake lapakati, atatchinjiriza ndi chitsekero cha botolo. Chinali chitamatidwa fumbi ndi ndowe. Ndinachipendeketsa pang'ono ndi chala. Kuseri kunali kobiriwira, ndipo ndinaona mchira wa nambala 2.

Ndinagwira thayala la ngolo.

"Bambo, kwagwanji kumeneko?"

Anali mwini ngolo, bambo wamtali wa imvi za apo ndi apo, atagwira chikwapu. Anati dzina lawo ndi a Samsoni, a kutsidya kwa dambo, ulendo wa maola awiri wapansi. Sindinafune kusekedwanso, choncho za chimbale choyamba sindinatchule. Ndinangoti m'chinthu chimenechi muli nyimbo zimene ndakhala ndikuzifuna, ndipo ndiwapatsa zimbale zina zitatu zophetima bwino m'malo mwake.

"Muli nyimbo?" A Samsoni anachiyang'ana modabwa. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikuyenda ndi nyimbo kumbuyo osadziwa?" Anaseka, koma sikunali kundiseka ine. "Lero ayi, bambo. Ndidutsa pa msewu wa tala ndi matumba a eni, magalimoto ayenera kundiona. Komanso ndi cha mayi a kunyumba, ndiwo anabwera nacho, ndiyambe ndawauza. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndibwera nacho ndekha. Nanenso ndidzamve."

Ndinawalongosolera njira ya kwathu kawiri konse. Ndinawauza za mtengo wa mkuyu, za mjigo, za chigafa chogwa mbali imodzi. Chinthu chimodzi chokha chimene chinali chofunika kuwauza sindinachiganize n'komwe.

Loweruka ndinakatchajitsa batire, ndinagula shuga ndi masikono. Lamulungu ndinasesa pabwalo, ntchito imene ndinali nditaiiwala. Cha m'ma thuu koloko ndinaona anthu awiri akubwera m'njira ya kudambo, a Samsoni atavala jekete, kumbuyo kwawo akazi awo a Lusiya atavala chitenje cha chigwirizano cha amayi. Chimwalirireni Evelyn, pakhomo panga panali pasanafike alendo ovala za ku tchalitchi.

Titalonjerana, a Lusiya anagwada n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'kansalu koyera.

"Pepani bambo, chinali chakuda kwambiri," anatero. "Ndinati chinthu chopita kwa eni sichingapite ndi ndowe. Madzi okha zimakana, ndiye ndachikwecha ndi mchenga ndi phulusa. Dzulo lonse, mpaka chayera."

Ndinafunyulula kansaluko. Chimbale chinali choyeradi, mbee, ngati poto wa mayi waukhondo. Kuphetima konse kunali kutatha. Mizere ya mchenga inazungulira paliponse, ndipo m'malo ena munthu ukanatha kuona kuwala kudutsa.

Ndikanakuwa. Mawu anafika pakhosi, oipa ndithu. Koma mayiyo anali chigwadire, akumwetulira, akudikira kuti ndiyamikire, ndipo nsonga za zala zawo zinali zosupuka. Kwathu kuno mbale ya mnzako subweza yakuda. Anachita zimene mayi aliyense wolongosoka akanachita.

"Zikomo kwambiri, mayi," ndinatero. "Mwavutika."

Tinalowa m'nyumba. Ndinaika chimbalecho mu wailesi, mtima ukunamizira kuti mwina. Chinazungulira, chinalira kwee kwee, chinaima. Ndinachipukuta ndi malaya, ndinayesanso. Chimodzimodzi. Kachitatu sichinazungulire n'komwe.

"Chavuta?" anafunsa a Samsoni.

"Ndi waya wa batire," ndinayankha. "Amachita chonchi."

Ndinawafulatira ngati ndikukonza wayayo. Ndinatulutsa chimbale chawo n'kuchilowetsa m'thumba la malaya, ndinaikamo choyamba chija. Gitala inayamba.

"Ndi chimenecho!" anatero a Lusiya, akuwomba m'manja. "Mwaona bambo, chikanakhala ndi ndowe zija chikanalira chonchi?"

Ndinathira tiyi, ndikudikira zimene ndinazolowera: kuti afunse ngati chikudumpha, kapena akumbuke kuti ng'ombe sizinamwe. A Lusiya anamvetsera mwaulemu, maso ali pa masikono. Koma a Samsoni anaika kapu pansi. Ndinaona chala chawo chikugunda pa bondo, chikuphonya, chikuyambiranso. Patapita kanthawi anachipeza.

"Anthu awa akuyenda ngati ng'ombe yotsimphina," anatero motsitsa, "koma akufika."

Pamene magitala anakalipa anatseka maso. Pamene panatsala limba lokha anaweramira kutsogolo. Tinakhala choncho pafupifupi ola lathunthu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva nyimbo zimenezi pali munthu wina amene akuzimvanso. Ndinasangalala, ndipo ndinachita mantha, chifukwa ndinkadziwa kumene tikupita.

Zoimbira zinakwera pamodzi, mayi uja anakweza mawu, chimbale chinatha.

A Samsoni anadikira. Anayang'ana wailesi, anayang'ana ine.

"Pitirizani," anatero.

"Yathera pomwepo, achimwene."

"Aa, ayi. Sinathe iyi. Mayiyu wafunsa, sanamuyankhe."

"Azungu amamaliza chonchi," ndinatero, maso ali pansi.

Anapukusa mutu. "Mzungu kapena munthu wakuda, nyimbo siitha chonchi. Ine ndimaimba ng'oma kwathu. Apa pali potsala."

Mitambo inali itayamba kuda chakum'mawa, ndipo a Lusiya anati anyamuke mvula isanawatsekereze kudambo. Ndinawapatsa zimbale zitatu zimene ndinalonjeza. Mayiyo anazimanga m'kansalu kaja mosangalala, akuti izi ndiye zophetima bwino.

Ndinawaperekeza mpaka pa mkuyu. Njira yonse a Samsoni ankang'ung'udza kachigawo komaliza kaja, n'kumaima pamene mayi uja amaimira. Potsanzikana anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"A Yobu, payenera kukhala chimbale china. Mufufuze, inu mumadziwa mofufuzira. Nanenso ndiziyang'ana pa ngolo za anzanga. Mukachipeza musamvere nokha, mudzatiitane."

Chimbalecho chinali m'thumba la malaya anga, chikundikhudza pachifuwa.

"Ndidzakuitanani," ndinatero.

Ndinaima pamenepo mpaka analowa m'dambo, bambo patsogolo, mayi pambuyo.